Chitini cha Putin

Kuntchito kwathu kunali chitini. Chitini wamba cha mkaka wa ufa, chomwe mnyamata wathu wa pa kompyuta anachiboola pa chivundikiro ndi mpeni n'kulembapo ndi maka yakuda kuti PUTIN. Lamulo lake linali limodzi: aliyense wonena kuti chinthu chavuta chifukwa cha nkhondo, aponyemo K200. Ndalamazo tinkagulira shuga wa tiyi. Ndikuuzeni, kuyambira 2022 mpaka kumayambiriro kwa 2025 sitinamwepo tiyi wozizira mkamwa, ngakhale nthawi ija shuga anasowa m'masitolo. Tinkamupeza ndithu kwa mavenda, pa mtengo wawo womwewo, chifukwa chitini sichinkauma.

Ndimagwira ntchito m'sitolo ina yogulitsa zipangizo za ulimi ndi zomangira kuno ku Zomba. Dzina sinditchula, malipiro a mwezi uno ndikuwafunabe. Pa kalata yondilembera ntchito analemba kuti ndine wa maakaunti. Koma tsiku ndi tsiku ndimalandira ndalama, kulemba malisiti, kuwerenga matumba, kusintha mitengo, kupepesa makasitomala, kupepesa abwana, ndiponso kuyankha foni ya abwana iwo akabisala ku stoo chifukwa kwabwera munthu yemwe anamulonjeza katundu sabata yatha.

## Aliyense anasanduka katswiri

Russia italowa m'dziko la Ukraine pa 24 February 2022, ambiri mwa ife sitinkadziwa ngakhale mbali yomwe dzikolo lili. Pasanathe miyezi iwiri, Zomba yense anali atamaliza maphunziro a zankhondo. Wa kabaza pa depoti akuuza za NATO. Telala wa ku Mpondabwino sanamalize diresi yako chifukwa cha Ukraine. Lendi yakwera ku Sadzi, eni nyumba akuti mukudziwa kale mmene zilili kunjaku.

Tsiku lina mumsika waukulu ndinafunsa mayi wogulitsa matemba chifukwa chomwe mulu wachepera chonsecho mtengo wakwera. Anati ndi nkhondo. Ndinawafunsa ngati matemba a ku Chilwa ayamba kusambira kuchokera ku Black Sea. Mayiwo sanaseke n'komwe. Anati, "Matemba ayi, koma galimoto yochokera ku Kachulu simwa madzi a m'nyanja." Ndinalipira mwakachetechete.

Ndiye musandimve molakwika, nkhondoyo inatikhudzadi. Russia ndi limodzi mwa maiko ogulitsa feteleza wambiri padziko lapansi, ndipo urea amapangidwa ndi gasi, yemwe mtengo wake unauluka chaka chimenecho. Tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa ambiri amachokera komweko. Petulo anafika pa K1,999 pa lita mu June 2022. Ife a m'sitolo tinkaziona pa invoisi anthu asanazione pa shelefu.

Koma pakamwa pa munthu sipachedwa kuzolowera chifukwa chabwino. Adalaivala athu akachedwa, nkhondo. Mnyamata wa ku stoo akasokoneza mawerengero a malata, nkhondo. Abwana nawo pa nkhani yokweza malipiro, nkhondo, ndipo iwowa ndi omwe ankadyetsa chitini kuposa wina aliyense. Ankaponyamo K1,000 nthawi imodzi n'kunena kuti, "Ndalipiriratu ya sabata yonse."

## Mitengo ya pensulo

Ntchito yosintha mitengo anthu amaiona yopepuka. Kale tinkasindikiza timapepala ta mitengo pa kompyuta n'kumata. Kenako tinaona kuti inki ikutha msanga kuposa katundu. Tinayamba kulemba ndi maka pa katoni. Pomaliza ndinayamba kulemba ndi pensulo m'kabuku kanga, osaika mtengo poonekera, kasitomala akafunsa ndimayamba ndasuzumira foni kuti mwina abwana atumiza china chatsopano.

Mauthenga a abwana ankabwera usiku, nthawi yomwe munthu wangotseka maso. "Mawa wobereketsa musagulitse mpaka ndikuuzeni." Kapena, "Onjezerani pa simenti, ndikuuzani zingati." Ndiye iweyo ugone bwanji? Ndinayamba kuwerenga matumba kutulo. Kumutu kunkandiwawa mbali imodzi, Lamlungu madzulo mtima n'kumagunda ngati ndathamanga chonsecho ndangokhala pa mkeka. Anzanga a m'maofesi a boma ankandiseka kuti ndine wa mwayi poti malipiro athu sachedwa. Sankadziwa kuti pa kauntala ndi pomwe mkwiyo wa dziko lonse umatsikira, pa munthu yemwe sanakwezepo mtengo wa chilichonse mwa kufuna kwake.

Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, petulo n'kufika pa K2,530. M'mawa mwake tinapachika chikwangwani chakuti tikuwerenga katundu, pomwe zoona zake tinkangodikira kuti ogulitsa a ku Blantyre atiuze mitengo yatsopano. Titatsegula, woyamba kulowa anali bambo wachikulire wa cha ku Mayaka. Anali atabwera sabata yapitayo kudzafunsa mtengo wa thumba la wokulitsa, n'kubwerera kukagulitsa mbuzi. Ndalama anaikulunga m'pepala la shuga, yokwana ndendende mtengo wakale, ndipo ya njinga yobwererera anaisunga payokha m'thumba la malaya. Nditawauza mtengo watsopano anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwaulemu kwambiri kuti, "Mwananga, feteleza wake ndi yemwe uja ndinamuona, kapena kwabwera wina?"

Anali yemweyo. Thumba lomwelo, pa malo omwewo, fumbi lomwelo.

Iwo atatuluka mnyamata wa pa kompyuta anandigwedezera chitini, poti ndinali nditawauza bambowo kuti ndi nkhondo. Ndinaponyamo. Tinaseka. Pa ntchito ngati yathuyi ukapanda kuseka umayamba kukalipira anthu osalakwa, ndipo ine ndinasankha kuseka.

## Zina Putin sakuzidziwa n'komwe

Chomwe chinkandikwiyitsa ngakhale nthawi imeneyo n'chakuti akuluakulu a dziko lino anapeza pobisala. Magetsi ankazimazima chaka chonse cha 2022 chifukwa namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January, mwezi wathunthu nkhondo isanayambe. Ndalama zakunja zinali zikusowa kale. Feteleza wa AIP, yemwe mlimi ankalipira K4,495 chaka choyamba, anafika pa K7,500, kenako K15,000, ndipo ngakhale ukhale ndi ndalamayo m'manja unkatha masiku uli pa mzere kudikira netiweki.

Nanga ya butchala ija? Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zinalipiridwa ku kampani ina ya ku UK kuti ibweretse feteleza, kenako n'kudziwika kuti kampaniyo ntchito yake ndi ya nyama. Nduna ya zamalimidwe, a Lobin Lowe, anachotsedwa pa mpando mu October chaka chomwecho. Kusitolo kwathu nkhani imeneyi tinaidya mwezi wathunthu. Kasitomala akafunsa urea, mnyamata wa ku stoo ankafuula kuti, "Wa mafupa kapena steki?" Pamenepo Putin analakwapo chiyani?

Kenako mu March 2023 kunabwera matani 20,000 a feteleza ngati mphatso yochokera ku kampani ya ku Russia. Anthu anayamba kubwera pa kauntala kudzafunsa ngati tili ndi "wa Putin waulere uja". Adalaivala athu anapempha kuti abwezeredwe ndalama zonse zomwe anaponya m'chitini, poti munthu yemwe timamunena uja watuluka kuti ndi wachifundo. Pempholo linakanidwa.

Kumapeto kwa chaka chomwecho achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ya ku Gaza ili mkati. Mnyamata wa pa kompyuta anatha sabata akutipatsa moni wa shalom, akuti bola mabomba kusiyana ndi malipiro a kuno. Sanapite. Pasipoti analibe.

Umu ndi mmene nkhondo inkakhalira kwa ife: chinthu chakutali chomwe chimakweza mitengo ndi kutipatsa zoseka.

## Lolemba la pa 27 January 2025

Kusitolo kwathu kuli mayi wina wachikulire yemwe tonse timangoti Anganga. Ndi amene amafika koyamba, kusesa, kukolopa, kutereka ketulo, pa mbaula magetsi akazima. Salankhula zambiri. Tinkadziwa kuti mwana wawo wamwamuna ndi msilikali ndipo ali ku Congo, koma kwa ife Congo inali ngati Joni, malo omwe mwana amapita n'kuyamba kutumiza ndalama. Malata a nyumba yawo anawagula kwathu komwe kuno, lisiti ndinalemba ndine, ndipo tonse tinawayamikira kuti anabereka.

Kumathero a sabata imeneyo wailesi inali italengeza kuti asilikali atatu a Malawi aphedwa kummawa kwa Congo polimbana ndi gulu la zigawenga la M23, lomwe akuti limathandizidwa ndi Rwanda ya Pulezidenti Kagame. Lolembalo nkhani inali yakuti M23 yalowa mumzinda wa Goma. Ife tinazimva monga timamvera nkhani zonse, kwinaku tikuganiza za wobereketsa, poti January ndi mwezi womwe sitipuma.

Adalaivala anafika mochedwa monga mwa masiku onse, nsapato zili matope okhaokha. Abwana asanatsegule pakamwa iwo anayamba kale: "Pepani bwana, a M23 anatseka msewu pa Chinamwali."

Tinaphulika. Mnyamata wa pa kompyuta anathamangira chitini n'kuyamba kuchigwedeza. "Madala, K200. Ya ku Congo nayo ndi nkhondo."

"Iyayi," anatero adalaivala. "Chitinicho n'cha Putin. Ngati mukufuna za Kagame pezani china."

Abwana amene anaseka mpaka kutsokomola. Mkangano unakula, wina akuti tigule chitini chachiwiri, wina akuti tingolemba dzina lina kumbuyo kwake.

Anganga anali ataima pakhomo la ku stoo ndi thireyi ya makapu. Anayenda pang'onopang'ono n'kuiika pa kauntala panga, pamwamba pa buku la malisiti, zomwe sanachitepo. Anamasula mfundo ya pa nsonga ya chitenje. Munali K500 imodzi yopindidwa kangapo, yonyowa ndi mvula, ndi makiyi. Anaiwongola ndi chala pa kauntala, n'kuipindanso kuti ilowe pa kabowo kaja, n'kuikankhira mkati.

"Chenji musandipatse," anatero. "Ndalipira. Tsopano ndinene nane."

Palibe anayankha.

"Nkhondo. Mwana wanga sanaimbe foni chiyambire Lachitatu. Wailesi ikuti atatu afa koma mayina sakutchula. Inu ophunzira, inu odziwa za Putin, tandionereni m'mafoni mwanumo."

Anandiyang'ana ine, poti ndine amene ndimawawerengera mauthenga a Chingerezi. Ndinatulutsa foni. Ndinalowa pa Facebook, pa masamba a nyuzi, m'magulu a WhatsApp. Paliponse nambala yomweyo, atatu, popanda dzina. Panali zithunzi za magalimoto ankhondo akupsa, ndi timavidiyo tomwe ndinatidutsa msanga nditapendeketsa foni kuti iwo asaone. Pansi pa nkhani iliyonse anthu anali atayamba kale kutukwanizana za zipani, wina akuti ndi vuto la boma ili, wina akuti anayambitsa ndi aja. Anganga anali ataweramira pa phewa panga, akupuma pafupi ndi khutu langa, akuyang'ana zilembo zomwe sangathe kuwerenga.

"Palibe dzina, Anganga."

"Ndiye kuti ali moyo?"

"Ndiye kuti sanalembe mayina."

Abwana anawauza kuti atha kupita kunyumba akapume, tsikulo sawadula. Anakana. Anati kunyumba athawako dala. Anamva kuti msilikali akafa, anzake amabwera pa galimoto kudzauza abale, ndiye chiyambire Loweruka galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pamsewu wa kwawo miyendo ikumafooka. "Bola kuno," anatero. "Kuno magalimoto onse ndi a feteleza."

Panja anthu anali akugogoda pa chitseko cha chitsulo. Abwana anayang'ana wotchi n'kunena motsitsa mawu kuti titsegule. Tinatsegula. Mzere unalowa, ndipo ine ndinayamba kulandira ndalama, kulemba malisiti, kuuza anthu kuti wobereketsa wakwera.

Tsiku lonse Anganga anakhala pa ndowa ya penti pambali pa kauntala panga. Nambala yanga anali ataipereka kwa mwana wawo kalekale ngati yapadera, poti foni yawo imavuta batire. Vuto lake, foni yomweyo ndi yomwe makasitomala ena amatumizirapo ndalama. Ikangolira iwo ankadzuka. Ine n'kuyang'ana, n'kunena kuti, "Ndi Mpamba, Anganga." Ankakhalanso pansi. Ikalira, adzuka. "Ndi Airtel Money." Mpaka madzulo. Sindinadanepo ndi kulira kwa ndalama ngati tsiku limenelo.

Tiyi sanamwedwe. Adalaivala anapita okha kukatsuka makapu, munthu yemwe sindinamuonepo atagwira siponji.

## Kudikira

Uthenga unabwera patatha masiku, ka voice note kafupi pa foni yanga, mawu akudukaduka. Ali moyo, asadandaule, netiweki ndi yovuta, apereke moni kwa ana. Anganga anakamvetsera kambirimbiri mpaka ndinawatumizira pa foni ya mdzukulu wawo. Tinasangalala, inde, koma tonse tinkadziwa tanthauzo lake: galimoto ija inakaima pa makomo ena atatu.

Ndipo kukhala moyo sikunali kubwera. Bwalo la ndege la Goma linali litatsekedwa, asilikali a SADC, kuphatikizapo athu, ali m'misasa yawo mozunguliridwa. Apa ndi pomwe ndinayamba kutsata nkhani za ku Congo ngati kuti ndili ndi mayeso, poti m'mawa uliwonse Anganga ankandifunsa asanatereke ketulo kuti, "Akuti bwanji akuluakulu?"

Ndiye ndiwauze chiyani?

Ndiwauze kuti pa 15 December 2024 Pulezidenti Tshisekedi wa Congo ndi Pulezidenti Kagame wa Rwanda amayenera kukumana ku Luanda, koma msonkhanowo unalephereka tsiku lomwelo? Kuti patangotha milungu isanu ndi umodzi South Africa inataya asilikali 14, ife atatu, ndipo a United Nations anati anthu pafupifupi 3,000 anafa pa kulandidwa kwa Goma? Kuti pa 8 February atsogoleri a SADC ndi a kummawa kwa Africa anasonkhana ku Dar es Salaam, a Tshisekedi n'kulankhula nawo pa kanema ali kwawo? Pulezidenti Chakwera analamula kumayambiriro kwa February kuti asilikali athu ayambe kukonzekera kubwerera. Anganga atamva anavina pang'ono ndi tsache m'manja, n'kufunsa kuti afika Lachingati. SADC inadzalengeza kutha kwa ntchitoyo pa 13 March. Panalibe yemwe anafika.

Kenako pa 18 March kunatuluka chithunzi cha ku Doha. A Tshisekedi mbali iyi, a Kagame mbali iyo, mfumu ya Qatar pakati, mipando yofewa. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali pa kauntala. Ndiye kuti kukhala pansi kunali kotheka nthawi yonseyi. Panalibe phiri lowatchinga. Chinkafunika n'chakuti wina wolemera mokwanira awaitane, komanso kuti anthu afe ochuluka mokwanira.

Ndinawaonetsa Anganga. Anafunsa kuti wa Rwanda ndi uti. Nditawalozera anati, "Woonda chonchi?" Basi, n'kupitiriza kukolopa.

Cha nthawi yomweyo ndi pomwe kunatuluka vidiyo ya pa 28 February, a Trump ndi a Zelensky, mtsogoleri wa Ukraine, akukangana ku White House pamaso pa atolankhani, wina mpaka kufunsa a Zelensky chifukwa chomwe savalira suti. Tinaonera titaunjikana pa foni imodzi nthawi ya nkhomaliro. Adalaivala anapukusa mutu n'kunena kuti, "Awa ndi amene akhala akutikwezera feteleza? Ine ndimayesa ndi anthu aakuluakulu." Tinaseka, koma kuseka kwake kunali kwina. Anyamata akufa m'maenje chaka chachitatu, nkhani n'kukhala ya jekete ndi yakuti ndani sanathokoze mnzake.

Sindikunena kuti asilikali athu asamapite kukathandiza. Akhala akupita ku Congo kwa zaka zambiri pansi pa United Nations, ndipo mbiri yawo ndi yabwino. Mu November 2018 tinataya asanu ndi mmodzi pafupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, yemwe anafa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania ndipo UN inamupatsa mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Ndiponso ife a kummwera kuno tikudziwa zomwe nkhondo ya kwa aneba imachita, tinaona anthu a ku Mozambique atadzaza m'maboma a m'malire. Moto wa kwa mnzako suusiya.

Dandaulo langa ndi lina. Pamene mitengo imakwera, akuluakulu ankaitchula nkhondo tsiku lililonse, pa wailesi, pa misonkhano, mu Chichewa chomveka bwino kuti ngakhale agogo a ku Jali amve kuti olakwa si iwo. Koma pa nkhondo yomwe anatumizako ana a anthu ndi siginecha yawo, Chichewa chija chinasowa. Kunatsala zikalata za Chingerezi zokhala ndi mawu ofewa. Mayi wosesa m'sitolo, yemwe mwana wake ndi amene ali kutsogoloko, n'kumadalira kalaliki wotopa kuti amufufuzire pa Facebook pakati pa kasitomala ndi kasitomala. Akapita kukatani, adzabwera liti, zikavuta adzatuluka bwanji: mafunso atatu okha, ndipo Anganga ankayenera kuyankhidwa mwana wawo asanakwere ndege.

## Chipilala cha pamsewu

Ife a ku Zomba timadutsa pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles, chofiira chija cha pafupi ndi Cobbe Barracks, osachiyang'ana n'komwe. Chimangokhala chizindikiro chouzira kondakitala potsikira. Mu November akuluakulu amabwera ndi nkhata za maluwa, lipenga limalira, kenako magalimoto amabwerera.

Loweruka lina m'miyezi yodikira ija ndinatsika minibasi pamenepo n'kukawerenga mayina. Ndi ambiri, ndipo ndi mayina athu, omwe ungawapeze lero m'kaundula wa sukulu iliyonse ya kuno. Anyamata a m'midzi yomwe ino, otengedwa kukamenya nkhondo ya chiwaya pakati pa Angerezi ndi Ajeremani, mkangano womwe unayambira ku Ulaya mu 1914. Kuwonjezera pa asilikaliwo, anthu zikwizikwi anagwidwa utengatenga, kusenza katundu wankhondo pamutu mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique, ambiri osabwerako. Malamulo ake ankachokera mumzinda uno, poti likulu la boma linali kuno.

Mu November 1914 John Chilembwe, ali kwawo ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula zomwezi. Mfundo yake inali yakuti ngati nkhondoyo ndi yofunika, apite olemera, eni mabanki, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi omwe akafa amangosiya amasiye ndi ana opanda kanthu. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Patangotha miyezi iwiri zomwe zinachitika mukuzidziwa.

Munthu ameneyu ndimamuwerenga tsiku lililonse pa kauntala, pa K500 ndi pa K2,000, kumumanga m'mitolo ndi labala. Pa 15 January timapuma kumukumbukira, andale n'kumalankhula za ufulu. Za kalata ija sindimamva akuitchula kawirikawiri, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Siinkanena za azungu okha. Inkanena za aliyense wosainira nkhondo yomwe mwana wake sadzapitako.

## Kuseka sitinasiye

Wina angaganize kuti kuchokera tsiku lija kusitolo kunasanduka kumaliro. Ayi ndithu. Ntchito ngati ino siingatheke popanda nthabwala. Chitini chokha ndi chomwe chinapuma. Palibe analamula, tinangoona kuti palibenso akuchigwedeza. Ndalama zomwe zinalimo tinawagulira Anganga mayunitsi, ndipo pano mnyamata wa ku stoo amasungiramo misomali yotayika.

Nthabwala zinangosintha kolowera. Kale tinkaseka nkhondo, pano timaseka oyambitsa. Abwana akatiitanira ku msonkhano womwe tonse tikudziwa kuti sutha ndi kanthu, adalaivala amafunsa ngati ndi wa ku Luanda kapena wa ku Doha. Wa ku Luanda ndi womwe abwana amaiwala kubwera. Wa ku Doha ndi womwe pamakhala Fanta. Mnyamata wa pa kompyuta akakangana ndi wa ku stoo pa mawerengero a malata, Anganga amene amalowererapo kuti, "Mukufuna ndikuitanireni mfumu ya ku Qatar?"

Ine chomwe chinasintha n'chakuti kasitomala akandifunsa chifukwa chomwe katundu wakwerera, ndimamuuza zomwe ndikuziona pa invoisi. Dola yasowa, ogulitsa akweza, thiransipoti yakwera poti dizilo akugulidwa wa m'zigubu. Zimatenga nthawi, mzere umadandaula, ndipo abwana anandiuzapo kuti pano si pa Nyumba ya Malamulo. Mutu umandiwawabe mbali yomwe ija. Mauthenga a usiku sanathe.

## Soja

Asilikali a SADC anayamba kutuluka kumapeto kwa April, pamsewu, kudzera m'dziko la Rwanda kupita ku Tanzania. Ganizirani zimenezo. Kupempha njira kwa yemwe akunenedwa kuti ndi amene akuthandiza omwe amakuwomberani.

Mwana wa Anganga anafika ku Zomba m'nyengo yozizira. Patapita masabata angapo anatulukira kusitolo, atavala jini ndi jekete, wamfupi kuposa mmene tinkamuganizira. Anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri. Adalaivala, omwe anali atakonzekera mafunso ambiri a mfuti ndi akasinja, anangoti, "Mwayenda bwanji, achimwene?" Iye anati, "Tayenda bwino, kaya inu kuno." Za ku Congo zinathera pomwepo. Kwa ine anangonena kuti, "Ndamva kuti foni yanu inavutika."

Anabwera kudzagula simenti, akufuna kumalizitsa khonde la mayi ake. Nditamuuza mtengo anaimba kaluzu, n'kunena kuti pomwe amachoka sunali choncho.

Abwana anatuluka mu ofesi n'kuyamba kulankhula. Anati dziko likunyadira, anati anyamata ngati iyeyu ndi osowa, anati iwonso akanakhala wachinyamata akanalowa usilikali. Soja anamvetsera ataika manja kumbuyo mpaka anamaliza. Kenako anafunsa ngati pa matumba khumi angamuchotsereko kangachepe.

Abwana anakanda m'mutu. Anati akanakonda kwambiri, koma akudziwa yekha mmene dola ilili.

Anganga anali pakhomo la ku stoo, tsache m'manja, akuwayang'ana. Abwana anawayang'ananso, n'kuyang'ana kudenga, n'kundiuza kuti ndichotse K1,000. Osati pa thumba, pa onse khumi. Atalowa mu ofesi ananditumizira uthenga pa WhatsApp kuti ndalamayo ndiilembe ngati thumba linang'ambika potsitsa, kuti mnzawo wa bizinesi asadzafunse. Ndinaweruka mdima utagwa tsiku limenelo, ndikufunafuna thumba loti ndiling'ambe m'buku.